Dzanja Limene Linalowa Pachitseko

Lachitatu, 19 Seputembala 1945

Tripoli. Sabata yakwana chitsikireni sitima. Kope ili anandipatsa mayi wachizungu wogawa mabulangete padoko. Ndilembemo chiyani? Kuti Huato wosoka nsapato wabwerako. Mano asanu anatsala ku Jeremani. Khutu lamanzere linagontha ndi tsinde la mfuti.

Tinapita atatu, tabwera awiri. Ataliyana anatitenga chifukwa cha chipepala cha unzika cha agogo, akuti ndife anthu a Angerezi, ine wosadziwa ndi moni yemwe wa Chingerezi. Zaka ziwiri ku Italy. Kenako Ajeremani, mabogi a sitima onyamula ng'ombe, msasa wa Belsen. Mwana wanga Zula anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Za iyeyo sindilemba.

Nyumba yathu ya mu Hara, kwathu kwa Ayuda, inagwa ndi bomba. Ine ndi mkazi wanga Mbarka tikukhala kwa azakhali ake, a Ghzala, kunja kwa mpanda wa mzinda, pakati pa Asilamu. Zipinda ziwiri, chitseko cha kumsewu ndi china chakuseri. Azakhali miyendo inafa kale, amangokhala pamphasa. Pakudya amandiyang'ana. "Mwananga, chotsa mkono pambale, muno mulibe wokulanda."

Lolemba, 24 Seputembala

Kumsika wa zikopa, kukaona shopu yanga. Chitseko chomwechija, utoto wina. Mkatimo Sadeq, amene ankandigulitsa zikopa, wakhala pa mpando wa bambo anga ngati anabadwirapo. Wanenepa. Atandiona anadzuka manja ali m'mwamba. "Huato! Ife tinamva kuti munafa nonse!" Ndinati pepa, ndakukhumudwitsa.

Akuti akadapanda kulowamo iye, Mtaliyana akadagulitsiramo vinyo. Akuti zida zanga anasunga zonse m'bokosi. Akuti ana anayi, atuluke alowere kuti? "Tigawane, m'bale wanga, malo alipo."

M'bale wanga. Zaka zinayi akudya pa mpando wanga.

Bokosi ndatenga. Dzimbiri lokhalokha.

Lachinayi, 27 Seputembala

Ndamumenya Mbarka.

Anaponyera nkhuku za aneba zotsala za buledi wa dzulo. Sindikudziwa kuti ndinanyamuka liti. Ndinangozindikira dzanja likuwawa, iye ali pansi mlomo utang'ambika, ine ndili chogwada pabwalo kulimbirana buledi ndi nkhuku.

Sanalire. Anapukuta magazi ndi mpango wake. "Ku Belsen ankandimenya kumsana ndi kumiyendo. Kumaso mwayamba ndi inu."

Azakhali anatembenukira kukhoma.

Buledi uja ndinadya, ndi dothi lake lomwe.

Lachitatu, 3 Okutobala

Kushopu kachitatu. Ndinati lero utuluka. Sadeq anaseka, osati mwachipongwe, koma anaseka, ndiye anandigwira paphewa. Munthu asandigwire paphewa. Ndinatola chikombole chachitsulo cha nsapato n'kumuphwanya nacho mphuno. Ndinamva fupa likulira. Anagwera pa zikopa, ine pamwamba pake, bondo pachifuwa, dzanja pakhosi. Ndinkamutukwana m'Chijeremani. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo ndinabwera nawo.

Anandichotsapo anthu anayi. Mkulu wake wa Sadeq, Miftah wa kubutchala, anathamangira pomwepo chikwanje chili m'manja. Sadeq, magazi ali m'kamwa, anamuletsa. "Musiye! Sukuona kuti munthuyu ndi mafupa okhaokha? Ukamumenya uthyola chiyani?"

Bola akadandimenya.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Akuluakulu a msika aweruza, athu ndi awo pamodzi. Shopu igawidwe pakati ndi thabwa. Iye kumanja ndi zikopa zake, ine kumanzere ndi mpando wa bambo. Za mphuno ndilipire nsapato ziwiri, za iye ndi za mkazi wake Rugaya.

Mphuno yapindikira kumanzere. Akalankhula amamveka ngati bakha.

Lachinayi, 18 Okutobala

Nsapato zoyamba zatha. Za mkwatibwi wa mu Hara, zofiira, chidendene chachifupi. Ku Belsen ntchito yanga inali yong'amba nsapato, osati kusoka. Mulu wofika kudenga, zazikulu, zazing'ono. Eni ake osafunsa. Mkulu wina wa ku Benghazi anabisa kachikopa kuti akatafune, mlonda anamuponda pakhosi mpaka anasiya kuphupha, ife tikung'ambabe.

Mkwatibwi anazivala n'kuzungulira pakhomo pa shopu. Sadeq kuseri kwa thabwa: "Myuda iwe, manja amenewo amadziwanso zina kupatula mphuno za anthu?"

Madzulo Mbarka anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake. Miyezi inayi. Ankaopa kundiuza. Kuopa ine.

Ndinatuluka panja.

Lachiwiri, 30 Okutobala

Masiku onsewa Sadeq amadutsitsa kapu ya tiyi wa mtedza pamwamba pa thabwa. Masiku onsewa ndimathira mumsewu iye akuona. Lero ndamwa. Kunazizira, basi.

"Alhamdulillah, ngamila yamwa madzi." Ndinati shuga wachepa. Anati shuga ndinadya ndine tsiku lomwe ndinamuswa mphuno, ndalama inapita kwa dokotala.

Chikopa cha mbuzi wandipatsa chabwino, chofewa. Ndidula tinsapato ta mwana. Mbarka akuti n'kulaula kusokera munthu asanabadwe. Ndibisa kushopu.

Lamlungu, 4 Novembala

Pachitseko pathu pali chizindikiro cha choko. Kwa a Nahum moyang'anana nafe chilinso. Kwa Asilamu kulibe. Ndafuta ndi malovu, chikuonekabe.

Dzuwa likulowa kwayamba phokoso cha kumsika. Magalasi akusweka. Akuti Ayuda apha mtsogoleri wa mzikiti, ena akuti kwawo ku Yerusalemu kwachitika zinazake. Bodza lililonse lili ndi miyendo lero. Asilikali achingerezi sakuoneka ndi mmodzi yemwe.

Azakhali akuti zaka makumi asanu ndi awiri mumsewu uno, ana onsewa anawaona ali matako pamtunda, palibe angawakhudze. Mbarka wasokera buledi m'chovala ngati kale.

Mpeni wodulira zikopa ndabwera nawo kunyumba. Ine sindidzakweranso bogi ya munthu.

Lachitatu, 7 Novembala

Kwa Sadeq, m'chipinda chosungira makala. Ndilembe zonse lero, mawa ndidzayamba kudzinamiza.

Lolemba m'mawa anafika mumsewu wathu. Ambiri osawadziwa, ochokera kunja kwa tauni, koma ena ndi omwe timagula nawo masamba. Zibonga, zitsulo, nkhwangwa. Ndinkaonera pa mng'alu wa zenera. Anathyola kwa a Nahum. Mkuluyo anatuluka atafunda nsalu yake yopempherera, manja ali m'mwamba, akutchula anyamatawo mayina. Anamutema paphewa, kenako pamutu. Mpongozi wake anamuponya kuchokera padenga. Mayi wina anadutsa atasenza makina osokera, akuimba nthungululu.

Ndinakankhira tebulo kuchitseko cha kumsewu. Nditacheuka ndinaona chitseko chakuseri chikugwedezeka. Pali thabwa lothyoka pafupi ndi mpiringidzo. Dzanja linalowa pamenepo, likufufuza.

Mbarka akuti munthuyo ankanong'ona dzina langa. Kanayi, akuti. Ananong'onera kukhutu lakufa.

Ndinagwira dzanjalo n'kulikokera mkati, n'kudula monga ndimadulira chikopa cha ng'ombe, kuchokera pachigongono kutsika. Mbarka akukuwa: "Ndi Sadeq! Ndi Sadeq!" Ndinamva. Ndinadulanso kachiwiri ndisanasiye. Ichi sindinauze munthu.

Nditatsegula chitseko, Sadeq anagwera mkati. M'khwapa atapanira nsalu ziwiri zoyera za Rugaya, zimene akazi awo amafunda thupi lonse n'kusiya diso limodzi. Anayang'ana mkono wake, nyama ili lende, n'kuyang'ana ine. "Galu iwe. Manga msanga, usandiyang'ane."

Ndinamanga ndi lamba wanga. Magazi sanaleke.

Nsalu ziwiri, anthu atatu, mmodzi wosayenda. Sadeq anati atifikitse kaye, abwerere azakhali ndi ngolo ya makala. Mbarka anakana, anagwira mwendo wa azakhali. Azakhali anamumenya kadzanja. "Choka, chitsiru, uli ndi munthu m'mimbamo. Ine ndidikira ngolo ngati mkwatibwi." Tinawakokera kuseri kwa kabati n'kuwafunditsa mphasa.

Kanjira kakuseri kamatulukira mumsewu womwewo. Ine nditafunda ngati mkazi, diso limodzi. Tinayenda mwina mapazi makumi atatu. Wina wa nkhwangwa anatiimitsa, maso ali pa mapazi anga. Mapazi a mwamuna. Anagwira nsonga ya nsalu.

Sadeq anakweza mkono wake m'mwamba, magazi akutsikira m'khwapa. "Ukuvula akazi anga iwe? Taona zimene andichita Ayuda! Ali uko, pitani uko!" Analoza kubwinja la kumapeto kwa msewu, kosakhala munthu. Ndinaona ndi diso langa, analoza kubwinja.

Koma pansi panali madontho. Kuchokera pamene tinaima, kulowa m'kanjira, mpaka pachitseko chathu. Anatsata madontho.

Titakhota pa ngodya ndinamva fungo la palafini. Mbarka anafuna kubwerera. Ndinamutseka pakamwa n'kumunyamula. Anandiluma mpaka fupa. Azakhali ankamveka mpaka pa chitsime cha mzikiti.

Sadeq anakomokera pakhomo pake. Rugaya anatilowetsa osafunsa kanthu.

Dzulo madzulo ndi pomwe asilikali anatuluka n'kuwombera. Masiku awiri atatha.

Lachisanu, 9 Novembala

Ndinapita ndi amuna a ku sunagoge kukatenga azakhali. Denga linagwera mkati. Tinawapeza pafupi ndi chitseko, osati kuseri kwa kabati. Anakwawa. Zonse zinakwana m'pilo imodzi.

Kumanda mitembo ili mndandanda, yoposa zana, akutero owerenga. Ena ochokera kumidzi, ana omwe. Asilikali atatizungulira ndi mfuti, lero ndiye alipo. Rabi mawu anamuthera pakati pa pemphero, wina anapitiriza.

Atipatsa ngodya m'kalasi ya sukulu mu Hara, mabanja asanu ndi limodzi, bulangete pakati. Fungo lake ndikulidziwa.

Mbarka sanandilankhule chichokereni Lolemba. Akandipatsa chakudya amaika pansi n'kukankha ndi phazi.

Lachitatu, 14 Novembala

Shopu anaiswa mbali yanga yokha. Mpando wa bambo anawotcha. Tinsapato tija kulibe.

Kwa Sadeq. Mkono watupa ngati mtsuko, wakuda, fungo lofika pakhomo. Anakana kuchipatala masiku asanu ndi anayi, akuti apolisi akafunsa wamubaya ndani. Lero Miftah wamunyamula mokakamiza. Dokotala akuti adula paphewa.

Asanamutenge anandiitana pafupi, kukhutu labwino. "Ndawauza kuti anali mlendo wa kumidzi, ankafuna wotchi yanga. Iwe ukatsegula pakamwa ndidzakuswa mphuno ndi dzanja lotsalali." Kenako anati: "Mayi aja, Huato. Ndinaloza kubwinja." Ndinati ndikudziwa. Anati: "Ndimawamva."

Panja Miftah anandigwira malaya. Walumbira pa ana ake kuti wochita izi adzamusenda ngati nkhosa. "Iwe unalipo. Nkhope yake unaiona?" Ndinati ndinali ndi diso limodzi.

Lachiwiri, 20 Novembala

Sadeq wamwalira dzulo masana. Anadula mochedwa.

Ndinatsatira maliro chapatali, kumbuyo kwa onse. Wina anatola mwala, Miftah anamubweza. "Uyu m'bale wanga anamufera, musiyeni ayende." Anandiika kutsogolo. Ndinanyamula nawo chithatha, phewa limodzi ndi Miftah.

Mbarka walankhula. Ndinamuuza za maliro, anati: "Awiri." Basi.

Lachiwiri, 27 Novembala

Ntchito yachuluka. Theka la Hara lilibe nsapato, anathawa opanda kanthu kuphazi. Ndimasoka mpaka maso kuchita chidima. Shopu yonse ndi yanga tsopano, monga ndinkafunira.

Anyamata a mu Hara akuphunzira kumenya ndi ndodo padenga la sunagoge, akuti ulendo wina sadzatipeza titagona. Anabwera kudzandipempha, akuti amva kuti ndili ndi dzanja. Ndinawathamangitsa ndi hamala.

Msuweni wa Mbarka wapeza njira. Lole mpaka kumalire a Tunisia, kenako wapansi, kenako sitima yopita ku Palestina ikapezeka. Mbarka wagulitsa ndolo za mayi ake. "Mwana uyu sabadwira mumzinda uno. Ndinakwirira mmodzi kwa Ajeremani, sindipatsa wina kwa awa. Inu mubwere kapena musabwere."

Lolemba, 3 Disembala

Ndinapita kwa Rugaya ndi ndalama za zikopa za Sadeq zimene ndagwiritsa ntchito. Ali m'masiku ake a umasiye, satuluka, tinalankhulana nsalu ili pakati. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Ndinangoti, mayi, pali chimene muyenera kudziwa.

"Khalani chete, bambo Huato. Bala lija ndinatsuka ndine. Zaka khumi ndi zisanu ndili pa ukwati ndi munthu wa zikopa, mukuganiza kuti sindidziwa kudula kwa mpeni umenewo? Kawiri. Munadula kawiri."

Ndinakhala pansi.

"Mukufuna mundiuze kuti mupepukidwe. Ine ndipepukidwa ndi chiyani? Alamu anga akamva akuphani, Angerezi awapachika, ana anayiwa adya dothi? Simulankhula. Musoka. Theka la chilichonse chotuluka m'shopumo lizibwera pakhomo pano mpaka wamng'onoyu atakula. Kukhululuka musakufunse, kulibe."

Wamng'onoyo ali ndi zaka zitatu.

Ndamuuza Mbarka zonse, ndi za kachiwiri zomwe. Anati: "Ana a Sadeq anayi, wanu mmodzi. Ine katundu ndamanga kale."

Lamlungu, 16 Disembala

Lole inanyamuka m'mawa kuseri kwa msika wa nsomba. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi pansi pa lona. Ndinamunyamulira mtolo. Nsapato ndinamusokera zazikulu pang'ono, mapazi akutupa, pansi pake ndinaika zikopa ziwiri chifukwa cha miyala ya kumalire.

Atakwera anandigwira kumaso ndi manja onse awiri. Chichokereni ku Italy sanachitepo. "Ndidzamuuza kuti bambo ake ndi wosoka nsapato. Zinazo mudzamuuza nokha, mukadzabwera." Woyendetsa anatsitsa lona.

Ndatsegula shopu mochedwa. Ndinapeza Miftah atakhala pakhomo, pa mpando wa m'bale wake. Sanapite kubutchala lero. Akuti dzulo anakumana ndi dokotala uja, anacheza. Akuti dokotala anadabwa, mbala ya wotchi kudula mowongoka chonchija, ngati munthu wotsata mzere.

Chiyambire m'mawa wangoyang'ana manja anga ndikudula chikopa. Tiyi ndamupatsa, wazizira pansi.

Tsopano wapempha kuti auone mpeniwo. Ndati adikire pang'ono, ndimalize kulemba muyeso wa kasitomala.

Ndimupatsa chogwirira chili kwa iye.